Miyendo Yopalasa Njinga Koma Yokana Kuyenda

Inu amene thupi lakutembenukirani ndipo anthu sakukukhulupirirani, sendezani mpando ndikuuzeni za Jaffalie wa ku Malindi, bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri wogulitsa nsomba pa njinga yakapalasa. Ndiyambira pa tsiku limene mwini wake safuna kulikumbuka, poti ndi pamene anagwera.

Linali Lachitatu masana m'mwezi wa Okutobala, mchenga ukuwotcha mapazi. Amuna a m'mudzi anali panjira ya kumanda atanyamula jeneza, chonyamulira mtembo cha Asilamu. Womwalirayo anali Abiti Bilali, mayi ake a Sefu, bambo mwini malole awiri ndi nyumba yokhayo yampanda m'mudzimo. Jeneza silinyamulidwa ndi anthu anayi okha. Aliyense amalowa, kuika phewa, kuyenda mapazi angapo, mnzake n'kumulandira, ndipo amayenda mwachangu kuti mtembo usachedwe panjira. Palibe amene amawerenga onyamula, koma amene sananyamule aliyense amamuona.

Jaffalie analowa kutsogolo. Anali atayenda kale kuchokera kumzikiti, ndipo miyendo inali itayamba zake zija: dzanzi kuchokera m'matako kutsika mpaka kuzidendene, akatumba akulemera ngati wina wamangiriramo miyala. Analuma mano n'kulandira jenezalo. Anayenda mapazi asanu ndi limodzi. Pa lachisanu ndi chiwiri mwendo wakumanzere unangosowa, osaumva ngati uli pansi kapena m'mwamba. Anagwada, phewa n'kuchoka, jeneza n'kupendekeka mpaka nsalu yophimba pamwamba inakhudza fumbi.

Anthu analiwakha lisanagwe, koma mawu otamanda Mulungu amene ankayenda nawo anaduka pakati. Sefu anatembenuka n'kumuyang'ana kamodzi kokha, kenako gulu linapitirira. Jaffalie anadzikoka n'kukakhala patsinde la mango atawerama, zigongono pamaondo. Chimene chinamutsiriza ndi ichi: atakhala choncho mphindi zitatu, ululu wonse unatha. Amuna pobwerera kumanda anamupeza ali phee pamthunzi, wopanda chotupa, wopanda bala, nkhope ili bwinobwino.

M'mawa mwake anathira tsabola pachilonda. Anali ndi dengu la usipa wofutsa umene sunaume bwino, ndipo ukanagonanso ukanayamba fungo. Anamangirira dengulo panjinga, n'kudutsa pasiwa pomwepo anthu adakali pamphasa, ulendo wa ku Mangochi boma. Maola awiri kupita, maola awiri kubwera, mwendo osadandaula ngakhale pang'ono.

Apa m'mudzi simunafunikenso mboni. Munthu amene dzulo analephera mapazi asanu ndi awiri, lero wapalasa mpaka kuwoloka mlatho wa pa Shire? Anthu anagwirizana kuti anachitira dala, kufuna kunyazitsa Sefu pa tsiku la mayi ake. Mkulu wina pakhonde la mzikiti ananena mawu amene anayenda khomo ndi khomo: "Musiyeni. Tsiku lake likadzafika, jeneza lake lidzakwera njinga lokha."

Sanamuthamangitse, sanamuitanire pabwalo. Anangoyamba kulumpha khomo lake ndi uthenga wa maliro. Mwezi wotsatira kunagwa maliro awiri, ndipo onse awiri Jaffalie anawadziwira poona amuna akudutsa pamsewu atavala mikanjo. Paja amati maliro n'kulirana. Munthu amene sauzidwa maliro a anzake wauzidwa kale kuti ake adzaika yekha. Tsono Jaffalie anali mkamwini m'mudzimo, kwawo kunali kutali ndipo abale ake ambiri anali atatha. Mantha anamugwira, mantha enieni, oti iye kapena mkazi wake akadzatsikira kuli chete pakhomo padzakhala zii.

Ndisakubisireni, pa nkhani ya kaduka anthu aja sananame kwenikweni. Ngakhale kwawo kunali kutali, Jaffalie anakulira ku Malindi komweko. Iye ndi Sefu anavinidwa jando limodzi, ndipo ali anyamata ankasenzera limodzi madengu a eni maboti kudoko. Kenako Sefu anapita ku Joni n'kukhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anabwerako ndi malole, Jaffalie adakali ndi njinga yomwe ija ya chishalo chomanga ndi mphira. Kuyambira pamenepo mtima wa Jaffalie sunakhalenso m'malo. Kulira kwa lole ya Sefu ankakudziwa ili kutali, ndipo ikadutsa iye akudya, ndiwo zinkasanduka zosakolera mchere. Sefu atagulira mzikiti makapeti atsopano, anthu onse anayamika, Jaffalie yekha ndi amene anamva kuti akununkha matayala.

Miyendo itayamba kuvuta, zaka zitatu maliro aja asanachitike, kadukako kanapeza chakudya chatsopano. Sefu anali wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri, mimba ili patsogolo, koma ankayenda chilili kupita kumzikiti n'kuima pa swala, pemphero la Asilamu, osasuntha phazi. Jaffalie ankaima kumbuyo kwake miyendo ikuyaka, akungodikira nthawi yowerama kuti apume, maso ali pa zidendene za mnzake. Anafika pochitira kaduka ngakhale amayi okalamba opita kumjigo, poti iwo ankafika ndi kubwerako osakhala pansi.

Atasalidwa choncho, anapalasa ulendo wa ku Katuli kwa sing'anga wina amene anamva mbiri yake kumsika. Sing'angayo anamutema mphini kuyambira m'chiuno mpaka m'miyendo, n'kumuuza kuti miyendo yake ikugwira ntchito kwina, pali amene akuyendera. Dzina sanatchule, ndipo sipanafunike kutero chifukwa Jaffalie anali atapita nalo kale. Anabwerako atatsimikiza kuti malole a Sefu akuyenda ndi miyendo yake. Lole ikanyamuka kupita ku Limbe iye ankagwira akatumba ake n'kumagwedeza mutu.

Mkazi wake, Mwanabibi, anapirira nkhani imeneyi milungu itatu. Tsiku lina akutsuka mabala a mphini aja, amene ena anali atayamba mafinya, anaika kansalu pansi.

"Bambo a Shakila, ngati Che Sefu anatenga miyendo yanu, bwanji amakubwezerani nthawi yopalasa njinga? Mfiti yachifundo chotere ine sindinaimvepo."

Jaffalie anati akazi sadziwa zinthu zimenezi. Mwanabibi sanakweze mawu. Anangofunsa kuti iye akadzafa mawa, mwamuna wake adzamunyamula ndi ndani, poti mwana wawo ndi Shakila yekha, wamkazi, ndipo akazi sapita kumanda. Funso limenelo linamulasa Jaffalie mumtima. Lolemba lotsatira atagulitsa nsomba zake pa boma, anakhoma njinga pachipatala n'kukaima pamzere, osauza aliyense.

Anamuyeza, anamujambula msana, kenako anamutumiza kuchipinda cha mafizo. Kumeneko anapeza a Marita, mayi wamfupi wa magalasi amene ntchito yake inali kuthandiza anthu ovutika kuyenda. Jaffalie anali atakonza kale kuti za njinga sanena. Anali ataphunzira kuti akangotchula njinga, anthu amasiya kumvetsera.

Koma a Marita ndi amene anayambitsa. Anamufunsa ngati miyendo imawawa akamapalasa. Jaffalie anayang'ana pansi n'kuvomera kuti siwawa. Anamufunsa ngati amayenda mtunda wautaliko akamakankha njinga atatsamira pa mahandulo. Anati inde. Anamufunsanso ngati pa swala kuima ndi kumene kumamuzunza, koma akawerama n'kugwira maondo amamva kupepuka. Apa Jaffalie anadzidzimuka, ndipo poti mtima wa kaduka sugona, anafunsa ngati pali wina wa ku Malindi amene anabwera kudzanena za iye.

A Marita anaseka. "Bambo, palibe wandiuza. Matenda anu ndi amene amayenda choncho. Njinga imene mukuchita nayo manyaziyo ndi imene yandithandiza kuwazindikira."

Anamupempha kuti atulutse tasibihi yake, mikanda ija ankawerengera mapemphero, n'kuigwira m'mwamba. Anati msana unapangidwa mofananako. Mafupa ake ndi ondondozana, lililonse lili ndi bowo pakati, ndipo m'mabowomo mumadutsa mitsempha yochokera kumutu kupita kumiyendo. Munthu akamakula, makamaka amene wakhala akusenza zolemera, mafupa ndi minofu ya m'mbali mwa njirayo zimakhuthala, njira n'kuchepa. Akaima chilili kapena kuyenda, njirayo imapanikizika kwambiri n'kufinya mitsempha, ndiye miyendo imachita dzanzi, kulemera, nthawi zina kufooka. Akawerama kapena kukhala pansi, njira imatseguka pang'ono, mitsempha n'kupuma. Wopalasa njinga amakhala atawerama ulendo wonse, n'chifukwa chake angafike ku boma koma n'kulephera kuyenda wapansi kukafika kumjigo. Anati madokotala amawatcha sipaino sitenosisi, koma iye angowadziwa kuti ndi kuchepa kwa njira ya mitsempha ya mumsana.

Jaffalie anayang'anitsitsa mikanda ija. Anamva chimwemwe kuti si wamisala ndiponso si wabodza. Koma pansi pa chimwemwecho panali kukhumudwa kwina kochititsa manyazi, koti Sefu analibe mlandu. Munthu ukamusunga mumtima ngati mfiti kwa milungu ingapo, kumumasula kumawawa.

Anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre kuti akamuunike ndi makina oona mkati mwa msana. Anapita mtima uli m'mwamba, poti kumsika anamuuza kuti amene wang'ambidwa msana sadzukanso. Dokotala wa kumeneko anamuonetsa pachithunzi malo awiri a m'chiuno pamene njira inachepa. Anamuuza kuti opaleshoni yokulitsa njirayo ilipo ndipo ambiri imawathandiza, koma iye sanafike poifuna, ayambe wayesa mafizo. Anamuchenjezanso kuti akadzaona mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha kapena kukanika, pakati pa miyendo pakuchita dzanzi, kapena phazi likukwekwereza pansi, asadzadikire kuti kuche kawiri, adzathamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono mafizo akewo. A Marita anamuphunzitsa kugona chagada pamphasa n'kukokera maondo pachifuwa, kukhwimitsa mimba msana uli pansi, ndi kugwada ngati wokwawa n'kumakweza msana m'mwamba. Bambo wa zidzukulu, wa imvi kundevu, kumagwira maondo ngati khanda lofuna kusinthidwa thewera! Jaffalie ankatseka chitseko ndi mawindo omwe asanayambe, ndipo Mwanabibi ankakhala pakhomo kuuza obwera kuti bambo akupumula. Anamupatsanso mapiritsi ochepetsa ululu omwa masiku ovuta okha, n'kumuletsa kunyamula dengu lodzaza yekha. Njinga anati asaisiye, poti imalimbitsa miyendo popanda kufinya mitsempha.

Lamulo lalikulu linali la kuyenda. Anati aziyenda tsiku lililonse, dzanzi likangoyamba aziima, kuwerama, kugwira maondo mpaka lithe, kenako kupitiriza. Asadikire kuti mwendo usowe. Anamuuzanso kuti apeze choyezera mtunda kuti azidziwa ngati akupita patsogolo.

Choyezera chinalipo, ndipo chinali chomuwawa kale. Pamsewu wa pakhomo pake panadutsa mapolo amagetsi opita kunyumba kwa Sefu, osasiya ngakhale waya umodzi padenga la Jaffalie. Zaka zonsezi ankawayang'ana ndi diso lofiira. Tsopano anawawerenga ali panjinga n'kupeza kuti kuchokera pakhomo pake kukafika pageti la Sefu analipo makumi atatu ndi limodzi. Sabata yoyamba anakwanitsa awiri.

Anatenganso pepala la kuchipatala n'kupita nalo kumzikiti Lachisanu, poganiza kuti nkhani ithera pomwepo. Shehe analiwerenga n'kumuuza kuti chipembedzo chimalola wodwala kuswali atakhala pampando, ndipo asadzizunze. Koma amuna ena aja anangolipatsirana pepalalo n'kumubwezera. Mmodzi anati mapepala masiku ano aliyense amabwera nawo, ndipo pepala silinyamula jeneza. Sefu sanaligwire n'komwe. Anavala nsapato zake n'kunyamuka, chilili ngati kale, Jaffalie akumuperekeza ndi maso mpaka pokhota.

Anayenda ndithu, m'mawa uliwonse asanapite kudoko. Lole ya Sefu inkamupeza atawerama papolo n'kumusiyira fumbi, ndipo ndikuuzeni zoona, miyezi yoyambayo chimene chinkamuyendetsa sichinali chiyembekezo ayi, unali mkwiyo. Ankati mumtima mwake, polo ili ndi la Sefu, ndilidutsa. Chaka chisanathe anali pa asanu. Pofika Januwale anali pa asanu ndi anayi osapuma.

Apa ndi pamene matama anamugwetsa. Tsiku lina pagolosale anapeza dalaivala wa Sefu akutsitsa matumba a feteleza, anthu ali mbwee. Jaffalie anafuna kuti uthenga ukafike kwa bwana wake kuti munthu uja wachira. Anagwira thumba n'kuliponya paphewa. Anafika nalo pakhonde, anthu n'kuombera m'manja, koma kunyumba anapita atamukweza pa njinga yake yomwe wina akukankha. Anagona milungu iwiri. Atadzuka anapeza kuti wabwerera pa mapolo atatu, ndipo m'mudzi nkhani inali yoti wonyamula feteleza analephera bwanji jeneza.

Nthawi imeneyo anatsala pang'ono kusiya zonse. Anauza Mwanabibi kuti bola angokhala munthu wa panjinga mpaka imfa, omunyamula akasowa boma lidzaona chochita. Mwanabibi sanatsutsane naye, anangomutsatira kuchipatala tsiku lake lokaonedwa n'kukanena zonse za feteleza pamaso pake. A Marita anavula magalasi n'kumuuza kuti matendawa satha ngati malungo, oti wamwa mankhwala masiku atatu basi. Njira imene inachepa siidzakulanso yokha. Chimene mafizo amachita ndi kulimbitsa minofu yogwira msana ndi kuphunzitsa thupi kayendedwe kosafinya mitsempha, ndipo amene wasiya amabwerera pomwe anayambira. Kenako anamufunsa kuti kodi akuchira kuti ayende, kapena kuti wina amuone. Funsolo Jaffalie anapita nalo kunyumba.

Anayambiranso pa atatu. Ulendo uno anasiya kutseka mawindo. Anakhoma kampando kakang'ono n'kumapita nako kumzikiti, n'kumaswali atakhala pamene miyendo yakana, ena akuyang'ana cham'mbali. Dengu analigawa pawiri kuti azikweza panjinga mosavuta. Pang'onopang'ono ndi mtolo. M'mwezi wa Epulo anafika khumi, mu Juni khumi ndi asanu ndi awiri akupuma kawiri panjira. M'nyengo ya mwera, nsomba zitasowa ndipo msana ukuuma ndi kuzizira, anakhala milungu isanu pa nambala yomweyo osasuntha, koma sanajombe.

Kaduka sikanathe, ndisaname. Kankangochepa mphamvu chifukwa munthu wowerenga mapolo ndi mpweya wake sapeza nthawi yokwanira yowerenga za mnzake. Maliro anagwanso kanayi chaka chimenecho, ndipo kanayi konse uthenga unalumpha khomo lake. Ankamva ululu uliwonse ngati woyamba.

Okutobala atakwananso, Sefu anakonza sadaka yokumbukira mayi ake patatha chaka. Anapha ng'ombe, mpunga unabwera pa lole, ndipo anaitana mudzi wonse ndi midzi yoyandikana. Kwa Jaffalie sikunafike mawu. Nthawi imeneyo anali pa mapolo makumi awiri ndi anayi.

M'mawa wa tsikulo anachita mafizo ake, anasamba, anavala mkanjo woyera ndi kofia. Mwanabibi ataona kuti akutuluka anamutulutsira njinga, koma iye anaibweza m'nyumba. Anati akapita panjinga akanena zoona zimene palibe adzazione, bola apite wapansi anthu aone okha mmene matendawa amayendera.

Msewu unali wodzaza ndi anthu opita kusadaka. Jaffalie anayenda pakati pawo osapatsidwa moni wokwanira. Papolo lachisanu ndi chitatu anaima, anawerama, anagwira maondo. Anthu anamulambalala. Dzanzi litatha anadzuka n'kupitiriza. Anapumanso pa khumi ndi asanu, kenako pa makumi awiri ndi limodzi. Atadutsa makumi awiri ndi anayi analowa mtunda umene miyendo yake inali isanaupondepo zaka zinayi. Pa makumi awiri ndi asanu ndi awiri mwendo wakumanzere unayamba kusowa ngati tsiku lija, ndipo apa anali poonekera, amuna okhala pamphasa kunja kwa mpanda wa Sefu akumuona bwinobwino. Anakumbatira polo, anawerama mpaka kofia inagwa, thukuta likudontha pamchenga. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anatola kofia yake n'kumaliza anayi otsalawo.

Atafika, phokoso la mbale linazima. Sefu anali atakhala pafupi ndi shehe. Jaffalie anapereka salamu, ochepa n'kuyankha, ndipo anapempha kuti alankhule atakhala pansi chifukwa kuima sakanatha.

"Che Sefu, ndabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, jeneza la amayi sindinalisiye dala. Ndili ndi matenda a msana ofinya mitsempha ya miyendo, ndipo mwaona nokha mmene ndayendera. Yachiwiri ndi yolemera. Zoti ndimakuchitirani kaduka, anthuwa sananame. Ndakuchitirani kaduka pa malole, pa magetsi, ngakhale pa kayendedwe kanu. Ndinafika ponena kuti miyendo yanga munatenga ndinu. Za msana akundithandiza kuchipatala. Za kadukazi ndaona kuti ndibwere nazo kuno, mundikhululukire."

Sefu anasuzumira kumsewu ngati akufunafuna kanthu, kenako anafunsa kuti njinga waisiya kuti. Jaffalie anati ili kunyumba. Sefu anayang'ana mapazi a mnzakeyo, otuwa ndi fumbi mpaka m'maondo, ndipo polankhula anasiya ulemu wa pagulu n'kubwerera ku chilankhulo cha anyamata a jando limodzi.

"Jaffalie, sabata yomaliza amayi sankandizindikira. Ndinkati ndikalowa ndi mankhwala, iwo n'kumandifunsa ngati Jaffalie wadutsa kale ndi kansomba kawo. Zaka zonse ndili ku Joni ine ndinkatumiza mabulangete, iwe unkawasiyira usipa wodzaza dzanja pochokera kudoko. Anapita akutchula iwe, osati ine mwana wawo. Tsiku lija utagwa, mumtima ndinakondwa kuti ndapeza chifukwa chokudera."

Kausipa kaja Jaffalie sanakawerengerepo ngati kanthu. Kanali kotsalira pansi pa dengu, ndipo ankangokasiya pakhonde la mayi wokalamba chifukwa njira inali yomweyo. Zaka zonsezi iye akumeza malovu poona mbale ya Sefu, Sefu naye ankameza malovu poona yake. Anamva chisoni, ndipo manyazi anamugwira kuposa a tsiku la maliro lija.

Sefu anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo n'kutembenukira kwa shehe ndi amuna onse. Anati kuyambira tsiku limenelo uthenga usalumphenso khomo la mnzakeyo, ndipo pa maliro azimupatsa phewa poyambirira, pafupi ndi mzikiti, miyendo isanatope. Shehe anavomereza. Kenako Sefu anasendeza mbale yake ya mpunga pakati pa awiriwo. Pobwerera anafuna kumukweza pa lole, koma Jaffalie anapempha kuti akwere tsiku lina, poti anali asanadziwe ngati mapolo makumi atatu ndi limodzi amatheka kawiri. Anatheka, ngakhale anafika kunyumba dzuwa litapendeka.

Patapita milungu itatu, m'mawa dzuwa litangotuluka, munthu anaodira pakhomo. Anali bambo wina wa kumzikiti, mmodzi mwa aja anabweza pepala. Anapereka salamu n'kunena kuti mkulu wina wa kumtunda watisiya, ndipo mwambo uyamba ikatha swala ya masana. Jaffalie anayankha mawu amene Msilamu amanena akamva za imfa, anathokoza mthengayo n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Atabwerera anapita kuseri kwa nyumba, anakhala pachitsa n'kulira ngati mwana. Mwanabibi anamusiya alire. Ankadziwa kuti malemuwo mwamuna wake sankawadziwa kwenikweni, misozi imeneyo inali ya munthu amene wawerengedwanso pakati pa anthu.

Lero Jaffalie akadali wogulitsa nsomba, ndipo msana wake sunasanduke wa mnyamata. Mafizo amachita m'mawa uliwonse, kuchipatala amapita pa masiku ake, ndipo akudziwa kuti zikadzavuta opaleshoni ilipo, saiopanso. Koma amayenda yekha kupita kumzikiti, kumsika ndi kumanda, ndipo akaona munthu wachikulire atatsamira njinga kapena khasu nkhope itakwinyika, amaima n'kumufunsa mafunso aja anafunsidwa iye.

Tsono inu amene mukuwerenga, miyendo ikamachita dzanzi mukayenda n'kumapepuka mukakhala kapena mukawerama, musathamangire kufunafuna amene wakulodzani, ndipo musalole kuti anthu akutcheni aulesi. Pitani kuchipatala akakuoneni msana. Ngati pali wina amene mumamuyang'ana ndi diso lofiira, dziwani kuti nthawi imene mukuwerenga zake ndi yomwe mukanayendera mtunda wanu. Mwina lero mukukwanitsa mapolo awiri okha, ndipo mwina munafikapo pa asanu ndi anayi n'kubwerera pa atatu. Mtimawo musautaye. Weramani, pumani, dzanzi lithe, kenako dzukani muyende kukafika papolo lotsatira.